Kodi Mwini Digiri Angathe Kuphunzitsa Mwana Kuwerenga?

Anthu onse amene agwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuti munthu saloledwa kuphulitsa miyala cifukwa cakuti ali wophunzira. Angakhale anafika ku yunivesiti, nadziwa maina a mankhwala onse ali m'kati mwa wonga, Boma silimlola kuyatsa moto kufikira atagwira nchito pambali pa munthu wozolowera, nakhoza mayeso, nalandira laisensi yace. Palibe atsutsa lamulo limeneli, pakuti kumeneko kulakwa kwa munthu mmodzi kupha anzace ambiri.

Nkhani ya lero iri ya laisensi ya mtundu wina, imene ifunidwa kwa munthu asanayambe kuphunzitsa ana ang'ono m'dziko la United States ku America. Makamaka ikamba za amuna ndi akazi amene anatsiriza kale digiri m'maphunziro ena, monga mbiri yakale, masamu kapena za malonda, ndipo pambuyo pace aganiza zolowa uphunzitsi. Kodi munthu wotere ayenera kubwereranso ku koleji? Ambiri ayankha msanga kuti ai, poti za ana a zaka zisanu ndi cimodzi azidziwa kale zonse. Koma zimene zinacitika ku America zionetsa kuti yankho limeneli liri ndi mtengo wace, ndipo olipira mtengowo ndiwo ana a anthu osauka.

MALAMULO A ZIGAWO

Dziko la United States liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi Bwanamkubwa wace, Nyumba ya Malamulo yace, ndi malamulo ace a sukulu. Boma lalikuru la ku Washington silipereka laisensi ya uphunzitsi; cigawo ndico cipereka. Cotero mphunzitsi wa ku Texas akasamukira ku New York ayenera kuonetsa makalata ace kwa akuru a kumeneko, ndipo kawiri-kawiri amuuza kuti alembenso mayeso ena. Ngakhale ziri tero, pafupi-fupi zigawo zonse zifuna zinthu zitatu kwa munthu wopempha laisensi yokwanira: digiri, maphunziro a kaphunzitsidwe pamodzi ndi kuyesera m'kalasi, ndiponso kukhoza mayeso a cigawoco.

Sukulu ya ana ang'ono kumeneko iyamba ndi kalasi lochedwa kindergarten, la ana a zaka 5, ndipo ifika ku giredi 5 kapena 6. Mwa nthawi zonse mphunzitsi mmodzi ndiye akhala ndi ana omwewo tsiku lonse, nawaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu, sayansi ndi mbiri ya dziko. Iye akalephera, palibe wina wolowa pa ora lotsatira kudzakonza. Mwanayo caka conse camtayikira.

M'MENE ZINAYAMBIRA

Kale-kale munthu ali yense wodziwa kuwerenga ndi kulemba anali kuloledwa kuphunzitsa, akangokondweretsa akuru a m'mudzi. M'caka ca 1839 cigawo ca Massachusetts cinatsegula sukulu yoyamba ya Boma yophunzitsa aphunzitsi, m'mudzi wa Lexington. Amene analimbikira kwambiri nchito imeneyi ndi Horace Mann, mlembi wa bungwe la maphunziro m'cigawomo. Tsiku lotsegulira panafika asungwana atatu okha. Koma masukulu otere anafalikira m'dziko lonse, ndipo m'kupita kwa zaka anasanduka makoleji opereka digiri ya uphunzitsi ya zaka zinai.

Njira yaciwiri, imene iri mutu wa nkhani ino, inadza pambuyo. M'caka ca 1936 yunivesiti ya Harvard, m'masiku a mkuru wace James Conant, inayamba digiri yochedwa Master of Arts in Teaching. Ganizo lace linali lakuti munthu ayambe waphunzira phunziro lace mozama zaka zinai, ndipo aonjezepo caka cina ca kuphunzira kaphunzitsidwe. Poyamba inali ya aphunzitsi a ku sekondale, koma pambuyo pace mayunivesiti ambiri anakonza maphunziro ofanana nayo kaamba ka aphunzitsi a ana ang'ono.

Cigawo ca California cinapita patsogolo pa zinzace. Lamulo la m'caka ca 1961 linanena kuti mphunzitsi ayenera kukhala ndi digiri ya phunziro lina lace, ndi caka cacisanu pamwamba pace. Lamulo lina la 1970 linakhazikitsa bungwe lopereka malaisensi a aphunzitsi. Cotero kwa zaka zoposa makumi asanu aphunzitsi ambiri a ana ang'ono ku California anadzera njira ya eni madigiri, ndipo m'caka ca 2017 mpamene lamulo linalolanso digiri ya uphunzitsi weni-weni kwa iwo.

ZIMENE APHUNZIRA M'CAKA CIMENECO

Maphunziro a eni madigiri atenga caka cimodzi, kwina ziwiri. Wina angafunse kuti, nanga munthu wophunzira kale aphunziranso ciani? Cacikuru koposa ndico kaphunzitsidwe ka kuwerenga.

Munthu wamkuru anaiwala kale m'mene iye anaphunzirira kuwerenga, monga anaiwala m'mene anaphunzirira kuyenda. Akaona liu pa pepala alizindikira pomwepo, ndipo ayesa kuti mwana nayenso atero akangoliona kawiri kapena katatu. Koma mwana aphunzira kulankhula yekha pomva amace ndi anzace. Kuwerenga ayenera kucita kuphunzitsidwa mwa dongosolo. Ndiponso Cingerezi ciri ndi bvuto lace-lace. Ciri ndi malemba 26 koma mamvekedwe ace ali ngati 44. M'Cinyanja lemba la a limveka cimodzi-modzi pali ponse, koma m'Cingerezi limveka mwa njira zitatu m'mau awa: cat, cake ndi call. M'caka ca 2000 bungwe la akatswiri lochedwa National Reading Panel, limene linasankhidwa mwa lamulo la Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, linachula zinthu zisanu zofunika kwa mwana. Ayenera kumva ndi kusiyanitsa mamvekedwe ang'ono-ang'ono a m'kati mwa liu, kudziwa malemba oimira mamvekedwe amenewo, kuwerenga kosadodoma, kudziwa matanthauzo a mau ambiri, ndi kumvetsa nkhani yonse. Mwana akalephera kuwerenga, mphunzitsi ayenera kuzindikira kuti mwa zisanuzi cabvuta nciti, pakuti mankhwala a cimodzi sacita kanthu pa cinzace.

M'masamu momwemonso. Mwana apatsidwa samu yakuti acotse 17 pa 52, ndipo alemba 45. Mwini digiri ya masamu aona msanga kuti yalakwika, nalemba 35 pambali pace ndi inki yofiira. Koma mawa mwanayo adzalakwanso cimodzi-modzi. Mphunzitsi wophunzitsidwa bwino adziwa kumene 45 wacokera: mwanayo anaona 2 ndi 7, nacotsa wamng'ono pa wamkuru napeza 5, anacotsanso 1 pa 5 napeza 4. Tsono mphunzitsi atenga timitengo, namanga mitolo isanu ya khumi-khumi, naika tiwiri pambali, namuuza mwana kuti acotse tisanu ndi tiwiri. Mwana aona yekha kuti sangathe kufikira atamasula mtolo umodzi. Pamenepo wamvetsa cimene akuru acicha kubwereka. Nzeru yotere siphunzitsidwa m'digiri ya masamu.

Aphunziranso za kakulidwe ka mwana, ndi kasungidwe ka bata m'kalasi popanda kukwapula kapena kukuwa. Aphunzira za ana amene kunyumba kwao alankhula cinenero cina, pakuti ku California ana ambiri afika pa sukulu akulankhula Cisipanishi. Aphunzira za ana olemala, ogontha, ndi obvutika pophunzira, cifukwa kuyambira pa lamulo la 1975 sukulu za Boma ziyenera kulandira ana otere ndi kuwaphunzitsa moyenera.

Zonsezi za m'mabuku zikadakhala zacabe pakadapanda kuyesera. Wophunzirayo atumizidwa ku sukulu yeni-yeni, m'kalasi la mphunzitsi wozolowera. Poyamba angoyang'ana, kenaka aphunzitsa kagulu ka ana ocepa, pambuyo pace phunziro limodzi pa tsiku, ndipo potsiriza asenza kalasi lonse, mwini kalasi ali phee kumbuyo kulemba zolakwa zace. Ku California bungwe la malaisensi linaika maora 600 kukhala ocepetsetsa a nchito imeneyi. Akatsiriza alemba mayeso, ndipo apolisi adinda zala zace kuti aone ngati alibe mlandu woipa. Ngakhale pamenepo laisensi yoyamba iri ya zaka zisanu zokha. M'kati mwa zakazo ayenera kugwira nchito zaka ziwiri akuyang'aniridwa ndi mlangizi, ndipo atatero alandira laisensi yokwanira.

NJIRA ZA CIDULE

Njira imeneyi iri ndi bvuto limene ali yense wolera banja alimvetsa msanga. Caka cimeneco munthu alipira ndarama ku yunivesiti, ndipo miyezi yoyesera kuphunzitsa kawiri-kawiri salandira malipiro. Mnyamata wa makolo olemera angapirire. Koma munthu wa zaka 35, wa ana atatu ndi nyumba ya lendi, adzadya ciani? Cotero anthu abwino ambiri anali kubwerera pa khomo, pamene masukulu a m'makomboni a anthu osauka anali kusowa aphunzitsi.

Anthu anayesa njira zosiyana zothetsera bvutoli. M'caka ca 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson, amene pa unyamata wace anaphunzitsapo ana osauka m'kamudzi ka Cotulla ku Texas, anasaina lamulo limene linayambitsa gulu la Teacher Corps. Eni madigiri anali kugwira nchito zaka ziwiri m'masukulu a anthu osauka, m'timagulu totsogoleredwa ndi mphunzitsi wozolowera, akulandira kandarama, ndiponso akuphunzira ku yunivesiti. Gulu limeneli linathetsedwa ndi lamulo la 1981. M'caka ca 1985 cigawo ca New Jersey cinatsegula njira yakuti mwini digiri akakhoza mayeso alembedwe nchito pomwepo, ndipo maora 200 a maphunziro a uphunzitsi awacite ali kale pa nchito. Zigawo zina zambiri zinatsata.

Gulu lomveka koposa ndilo Teach For America, limene Wendy Kopp analiganiza m'caka ca 1989 ali wophunzira pa yunivesiti ya Princeton, ndipo linayamba nchito mu 1990. Linali kusankha anyamata ndi asungwana okhoza bwino koposa m'mayunivesiti, kuwaphunzitsa masabata owerengeka m'nyengo ya chuthi, kawiri-kawiri asanu, ndi kuwatumiza ku masukulu osauka atalonjeza kukhalako zaka ziwiri. Pa gulu limeneli panabuka mkangano waukuru. Olikonda anati labweretsa anthu anzeru kumene kunalibe wofuna kupitako. Kafukufuku wa bungwe la Mathematica wa m'caka ca 2004 anapeza kuti ana ao anakhoza masamu bwino pang'ono koposa ana a aphunzitsi ena a m'masukulu omwewo, ndipo m'kuwerenga anali cimodzi-modzi. Otsutsa anayankha kuti ambiri a aphunzitsi enawo naonso anali osaphunzitsidwa mokwanira. Anatinso mphunzitsi akhwima m'zaka zace zoyamba zitatu kapena zisanu, tsono wocoka pakutha zaka ziwiri acoka pa nthawi imene wayamba kumene kuidziwa nchito, ndipo ana omwewo alandiranso mlendo wina.

CIMENE CINAONEKA KU CALIFORNIA

Phunziro lalikuru pa nkhani imeneyi linacokera ku California m'caka ca 1996. Zaka za pakati pa 1985 ndi 1989 cigawo ca Tennessee cinayesa kucepetsa ana m'makalasi ena kuti akhale 13 kufikira 17, ndipo cinapeza kuti ana a m'makalasi ang'ono anaphunzira bwino koposa. Poona ici Bwanamkubwa Pete Wilson ndi Nyumba ya Malamulo ya California anapanga lamulo m'mwezi wa July 1996, lakuti Boma lidzapereka madola 650 pa mwana ali yense ku sukulu imene idzacepetsa ana kufika pa 20 m'kalasi, kuyambira kindergarten kufikira giredi 3. Pa nthawiyo makalasi ambiri anali ndi ana pafupi-fupi 30. Makolo anakondwa kwambiri.

Koma akuru anati, cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Masukulu anali kutsegulidwa patangopita masabata owerengeka. Ana 60 amene anali ndi aphunzitsi awiri tsopano anafuna atatu, ndipo m'cigawo conse munafunika aphunzitsi zikwi zambiri pa nthawi imodzi. Zipinda za mabuku ndi za nyimbo zinasanduka makalasi. Aphunzitsi ophunzitsidwa anacepa. Tsono akuru a masukulu anayamba kulemba anthu pa cilolezo ca mwadzidzidzi, cimene cinali kufuna digiri ndi mayeso apafupi a kuwerenga, kulemba ndi masamu, popanda maphunziro a uphunzitsi. Lamulo lisanadze, aphunzitsi opanda laisensi yokwanira m'makalasi amenewa sanafike 2 pa 100 ali onse. Patapita zaka ziwiri anapitirira 12 pa 100. Pofika caka ca 2000 m'masukulu onse a cigawoco munali aphunzitsi otere oposa 40,000.

Coipitsitsa cinali kagawidwe kao. Masukulu a m'madera a anthu olemera naonso anafuna aphunzitsi atsopano, ndipo pokhala ndi nyumba zabwino ndi nchito yopepukirapo, anakopa aphunzitsi ozolowera ocokera m'masukulu a anthu osauka. Malo amene iwo anasiya anadzazidwa ndi eni madigiri osaphunzitsidwa. Cotero mwana wa munthu wolemera anapeza kalasi laling'ono ndi mphunzitsi wodziwa nchito, pamene mwana wa wothyola zipatso m'minda, amene mwina sanali kudziwa ndi Cingerezi comwe, anapeza kalasi laling'ono ndi mphunzitsi amene anali asanaphunzitsepo munthu kuwerenga. Ambiri a aphunzitsi amenewa anali anthu acifundo ndi acangu, ndipo mlandu sunali wao. Iwo anaponyedwa m'madzi asanaphunzire kusambira, ndipo ana anamira nao pamodzi.

M'mwezi wa May 2000 makolo ndi ana anasumira Boma la California pa mlandu wochedwa Williams, nadandaula za kusowa kwa mabuku, nyumba zakugwa, ndi aphunzitsi osaphunzitsidwa. Mlanduwo unatha mwa cipangano m'caka ca 2004. Boma linabvomera kupereka ndarama za mabuku ndi zokonzera nyumba, ndi kutumiza oyendera kukaona ngati aphunzitsi a m'masukulu otsalira ali ndi makalata oyenera. M'mwezi wa January 2002 Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo la dziko lonse lofuna kuti mphunzitsi akhale ndi digiri, laisensi yokwanira ya cigawo cace, ndi umboni wakuti adziwa cimene aphunzitsa. Lamulo lina la 2015 linabwezera nkhani imeneyi m'manja mwa zigawo.

NJIRA YA PAKATI

Mwa zonsezi munaturuka njira ina imene inatengedwa kwa madokotala. Dokotala watsopano sapatsidwa cipatala cace tsiku loyamba; ayamba wagwira nchito pansi pa dokotala wamkuru, akulandira malipiro ocepa. Mzinda wa Chicago unayamba kuphunzitsa aphunzitsi mwa njira yotere m'caka ca 2001, ndipo Boston inatsata mu 2003. Mwini digiri akhala caka cathunthu m'kalasi la mphunzitsi wozolowera masiku ambiri a sabata, nacita maphunziro a ku yunivesiti pa masiku otsala, nalandira ndarama yomthandiza kudya ndi kulipira nyumba. Iye alonjeza kuti akalandira laisensi adzaphunzitsa m'masukulu a mzindawo zaka zingapo. Ku Boston anaika zitatu. Njira imeneyi idya ndarama zambiri za mzinda ndi za anthu othandiza, ndipo cifukwa cace aphunzitsi oturukamo ali ocepa. Koma ubwino wace ngwakuti munthu wosauka angathe kulowa uphunzitsi osafa ndi njala, ndipo ana sasiyidwa okha ndi munthu wongoyamba kumene.

M'DZIKO LINO

Zambia nayo iri ndi lamulo la laisensi ya aphunzitsi. M'caka ca 2013 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo limene linakhazikitsa bungwe la Teaching Council of Zambia, lolemba maina a aphunzitsi ndi kuwapatsa setifiketi yogwirira nchito. M'caka ca 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anadzaza m'makalasi, ndipo caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000. Mwai unalipo ngwakuti anthu ophunzira kale uphunzitsi anali ambiri, akungodikira nchito kunyumba, kotero kuti sipanafunike kutola anthu osaphunzitsidwa monga anacitira ku California.

Koma m'matauni ndi m'makomboni a ku migodi muli anyamata ndi asungwana a madigiri amene nchito yawasowa, ndipo ena aganiza kuti angayambe aphunzitsako tiana pa kasukulu ka pafupi podikira nchito ina. Wofuna uphunzitsi acita bwino, pakuti dziko lifuna anthu anzeru m'makalasi a ana ang'ono koposa pena pali ponse. Koma adzicepetse, apite kukaphunzira kaphunzitsidwe, ndipo akhale nthawi pansi pa mphunzitsi wozolowera, angakhale mphunzitsiyo alibe digiri. Ndipo kholo likamalembetsa mwana wace wa giredi 1, lisakhutire pomva kuti aphunzitsi a pa sukuluyo anafika ku yunivesiti. Lifunse mwaulemu kwa ahedi ngati mphunzitsi wa kalasi limenelo anaphunzira kuphunzitsa ana kuwerenga, ndi ngati ali ndi setifiketi yace. M'mera mpoyamba. Mwana wosadziwa kuwerenga pofika giredi 4 abvutika m'maphunziro ena onse, pakuti kuyambira pamenepo zonse zifika kwa iye kudzera m'buku.